Tsiku limene mbiri ya apongozi inasanduka Chitchaina

Pali masiku ena amene munthu umayenera kungodzuka n'kunena kuti mutu ukundiwawa. Ine tsikulo ndinadzuka n'kumanga tayi.

Inali nthawi ija chenji cha dola ankatipatsa masiwiti. Ndinali pachibwenzi ndi Esinati, mwana wa a Mbewe a kudera la Unit K. Bambowa anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakhazikika kuno kunja kwa Malaŵi, ndipo analemba mbiri ya ulendo wawo kuti akaiwerenge pachikondwerero cha bungwe lathu la maliro. Ine pofuna kuoneka mkamwini wanzeru, ndinati, "Bambo, mapepala ndi achikale. Ndiiika patsamba ngati la pa intaneti, anthu aziiona pakhoma."

"Chabwino," anatero. "Koma Malaŵi umulembe ndi kachipewa kake pa w. Ana a masiku ano mumakasiya."

Ndinakaitayipa pa kafe ya intaneti kumashopu a ku Huruyadzo, tizipewa tonse tili m'malo mwake, n'kuisunga m'fulashi. (Kuiyesa pakompyuta ina? Amayesa ndi anthu okayikira.)

Patsikulo holo inadzaza. Mlembi wa bungwe, a Nyirenda, anabweretsa laputopu ndi pulojekita. Ndinatsegula tsamba, ndipo mutu unaonekera pakhoma m'zilembo zikuluzikulu: ULENDO WANGA KUCHOKERA KU MalaÅµi. Paliponse pamene panali kachipewa panatuluka tizilombo tiwiri timeneti.

"Dziko limenelo lili kuti?" anafunsa mayi wina kutsogolo. Achinyamata kumbuyo anayamba kuseka. "Chii ichocho?" anafunsa m'chilankhulo cha dziko lino, kutanthauza kuti n'chiyani chimenecho.

"Ndi vayirasi," ndinalengeza mosaphethira.

"Laputopu yanga sidwala, achimwene," anayankha a Nyirenda, nkhope itakwinyika.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Tsamba limayenera kuiuza pulogalamu yotsegulira masamba kuti zilembo zake zinasungidwa mwanjira yanji. Likapanda kutero, pulogalamuyo imangolota. Ya ku Huruyadzo inalota bwino, iyi inalota zake. Kamzere kouza zimenezo ndinali nditakaiwala.

"Musadandaule, ndalipeza vuto," ndinatero, n'kutsegula posankhira njirazo. Panali UTF-8, panalinso UTF-16. Tsono inu, munthu wofuna kusangalatsa apongozi angasankhe 8 pamene 16 alipo? Ndinadina yaikuluyo.

Chichewa chonse chinathawa. Khoma linadzaza zilembo za Chitchaina kuyambira pamwamba mpaka pansi.

A Mbewe anaimirira pang'onopang'ono, navala magalasi.

"Iwe, mbiri yanga ili kuti?"

Thukuta linali litatsikira mpaka m'masokosi, koma mawu anatuluka osanjenjemera. "Ndi yomweyo, bambo. Ndimafuna muone kaye mmene akuiwerengera ku China."

Anayang'ana khoma, nayang'ana anthu. "Mwamva? Ku China!"

Nthungululu zinalira. Amayi ena anaimirira n'kuyamba kuvina. Ine chamumtima ndikupemphera, ndinadina UTF-8, ndipo Chichewa chinabwerera, Malaŵi atavala chipewa chake. A Mbewe anawerenga mbiri yawo chifuwa chili patsogolo. Esinati yekha ndi amene anandiyandikira n'kundinong'oneza, "Unonyepa iwe," ndiye kuti ukunama. (Anandilola ndithu. Tili ndi ana.)

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mawa lake a Mbewe anandituma kuti ndikasindikize tsamba la Chitchainalo. Analiika m'felemu, ndipo mpaka lero lili pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati wawo. Mlendo aliyense samwa tiyi asanalione.

Kamzere kaja sindikaiwalanso, zimenezo ndinaphunzira. Koma sabata yatha apongozi anandiimbira foni ali osangalala kwambiri. Akuti mdzukulu wawo wapeza ntchito pa Mtchaina wina wogulitsa matayilosi, ndipo bwanayo wavomera kudzawawerengera tsambalo Lamlungu.

"Zili bwino, bambo," ndinayankha. "Kungoti muwachenjezeretu. Chimenecho ndi Chitchaina chakumudzi kwenikweni, a m'tauni ambiri sachimva."