Tsiku lomwe ndinathamangitsa eni nyumba pa wayifayi yawo

Mpaka lero ndikamadutsa pakhonde pa Mayi Nachisale, eni nyumba anga ku Area 15, ndimayang'ana nsapato zanga. Iwo amakhala nyumba yaikulu, ine kuboyizikota kuseri.

Nditagula rauta yangayanga ya wayifayi ku Old Town, bandulo inkatha ngati shuga wa pamaliro. Ndinati pali akuba. (Zoti pa TV ndinkaonera mpira ngakhale wa mayiko osamveka n'komwe, tisazikambe.) Loweruka lina ndinaganiza zolowa mu rauta kuti ndithane nawo.

Adilesi yolowera ndi manambala ndi timadontho basi, koma zala zangazi n'zogwirira khasu. Ndinadumpha kadontho, foni n'kundifikitsa kwa ogulitsa matayala ku China. Mulungu ndi mboni. Ndinalembanso, n'kusiya nambala panjira. Thukuta linafika mpaka m'masokosi. Pomaliza ndinalemba mofatsa ngati ndikusaina ukwati, tsamba n'kutseguka.

Ndinapezamo mafoni ali ndandanda, TV, ndi laputopu. Akuba aja! Ndinawachotsa mmodzimmodzi ndikuimba mluzu, n'kusintha pasiwedi, netiweki n'kuitcha dzina latsopano: GULANI YANU.

Posakhalitsa, odi pakhomo. Mayi Nachisale.

"APhiri, inu paja mumadziwa za makompyuta. Timayankhula pavidiyo ndi mwana wanga wa ku Joni za chinkhoswe chake, ankhoswe adzaza pabalaza, basi nkhope yake yangouma kukamwa kuli yasa. Ndiye pafoni pakubwera zoti Gulani Yanu. Wamwano ameneyu ndani?"

Apa m'pamene ndinakumbukira. Tsiku lolowa nyumba anandipatsa pasiwedi ya wayifayi yawo mwaulere, ndipo foni yanga inali isanachokepo. Marauta athu ndi amapasa, makiyi olowera ndi amodzimodzi a kufakitale, ndiye rauta yomwe ndinalowamo inali yawo. Mumtima ndinayamba kale kulongedza mapoto.

"Mayi, wamwanoyo ndi amene mukumuonayu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka mpaka kugwirira chitseko. Ndinakakonza nditagwada pabalaza, amalume ena akufunsa, "Gulani Yanu uja ndi ameneyu? Koma akuoneka waulemu."

Nyumba sanandichotse. Dzina la netiweki anakana kuti ndisinthe, ati aneba a kuseri kwa mpanda anazolowera zaulere. Linandikakamiranso ine. Pachinkhoswe, woyendetsa mwambo anakuwa kuti, "A Gulani Yanu abwere adzafupe!" Ndinapita ndikuvina.

Yanga ndinagula, inde. Koma foni ikadali pa wayifayi ya Mayi. Imathamanga bwino.