Uthenga wa maliro umene ndinaugawa pawiri

Abale anga, kumpingo kwathu ku Milonde ndimadziwika kuti mawu a munthu sindiwonjezera kapena kuchotsa. Mbiri imeneyi ndinaiononga ndekha, ndipo chinandiononga n'kumvetsera komweko.

Tsiku lina m'minibasi ndinakhala ndi bambo wina wokonza nsanja za netiweki, a Namacha. Anandiuza chonchi: "Mayi, njira ikachepa, makina satumiza zonse paliponse. Ngati mauthenga akufanana, njira iyi imanyamula mbali, inayo mbali ina, kutsogolo n'kukaphatikizana. Zimene wolandira akudziwa kale sitibwereza." Ine ndinati Ambuye alemekezeke chifukwa cha nzeru, mawuwo n'kusunga mumtima.

Ndiye malume anga, amene anagonekedwa kuchipatala, anatisiya Lachiwiri mamawa. Akuluakulu anati, "Nachisale, iwe suphonya mawu, dziwitsa ana." Anawo ndi awiri, Esinati wa ku Likhubula ndi mchimwene wake Fulasisiko, amene amagulitsa nyemba kutsidya kwa Muloza, ku Milanje.

Foni ya Esinati, poti kwawoko n'kunsi kwa phiri, imaduka ukangoti moni. Ya Fulasisiko ndi ya netiweki ya ku Mozambiki, yanga inakana kulowa, koma Esinati ndinkadziwa kuti nambalayo amaipeza. Basi a Namacha anandibwerera m'mutu. Esinati ndinamuuza kuti, "Bambo atisiya, uwauze achimwene," foni n'kuduka. Kwa Fulasisiko ndinatuma wakabaza wopita ku Muloza, ndipo poopa kuika mawu olemera m'kamwa mwa mlendo, ndinangoti, "Mukawauze kuti Lachinayi mamawa, kumudzi." Ndinati imfa akaimva kwa mlongo wake, tsiku akalimva kwa wakabaza, uthenga ukwana. Ndinadziona ngati injiniya, ine!

Chimene ndinaiwala, ngakhale mudzi wonse umadziwa, n'chakuti awiriwa anasiya kulankhulana zaka ziwiri zapitazo chifukwa cha munda wa chinanazi. Ine yemwe ndinkawapempherera Lachisanu lililonse! Mutu unali kuti?

Esinati anafika Lachitatu akulira, ine osamufunsa n'komwe ngati anawauza achimwene ake. Ungamufunse bwanji munthu akugubuduka pansi?

Lachinayi tili m'nyimbo, bokosi lili pakhonde, tinangomva belu la njinga. Fulasisiko uyo, malaya a maluwa, wailesi ikuimba, tambala ali pahandulo, shuga ndi buledi kumbuyo. Iye ankadziwa kuti bambo ali kuchipatala, ndiye atamva za Lachinayi anati awatulutsa. Adakali kuseri kwa nthochi anakuwa, "Madala afika? Lero adya nkhuku!"

Nyimbo inaduka. Anatulukira pabwalo, n'kuona bokosi. Njinga inagwa, iye n'kukhala pansi pafumbi, osalira, kungoyang'ana. Tambala yekha ndiye ankakupiza mapiko. Mpaka lero ndikatseka maso popemphera, nkhope ija imandibwerera.

Titachoka kumanda anandiitanira kuseri kwa nyumba, onse awiri.

"Asisi, munatuma wakabaza theka la maliro a bambo anga?" anatero Fulasisiko.

"Ndinkayesa Esinati akuuzani," ndinayankha, maso pansi, n'kuwafotokozera za nzeru za m'minibasi zija.

"Ine? Ndinamva kuti mwatuma munthu, ndinati zatha," anatero Esinati. Kenaka anatembenukira kwa mchimwene wake. "Achimwene, mwawamva? Akuti anaphunzira m'minibasi."

"Ndawamva, mlongo wanga. Awa asatumidwenso."

Zaka ziwiri ndikupempha Mulungu kuti awiriwa agwirizane pa chinthu chimodzi, ndipo anagwirizanadi: kuti ine ndine chitsiru. Ndinalandira, sindinatsutse.

A Namacha ndinakumana nawonso pamsika, ndinawafotokozera zonse. Anagwira pakamwa, n'kuti, "Pepani mayi. Koma makina athu aja amalankhulana. Munayamba mwafunsa ngati anthu anuwo amalankhulana?"

Chiyambire pamenepo, uthenga wa maliro ndimaunena wonse, kwa aliyense, kawiri, ndipo wakabaza sanyamuka asanaubwereze pamaso panga. Nzeru za m'minibasi ndimamvetserabe mwaulemu, koma ndimazisiya pampando potsika.