Ba Goliati Ankayeza Waya Atagona

Zoti malemu Ba Goliati anali chidakwa chogona m'nyumba za eni, limenelo ndi bodza la pampopi. Inde, aliyense m'komboni ya George anawaonapo ali gada pasimenti ya munthu, koma mowa sankaulawa n'komwe. Anali pa ntchito. Amagetsi anzawo ankayeza nyumba ndi tepi asanalembe kotesheni ya mtengo wa ntchito. Ba Goliati ankayeza ndi thupi lawo. Kugona, kulemba kamzere ndi khala pamene pathera mutu, kudzuka, kugonanso. Ndiye poti dzinalo makolo anangowanamizira, kamunthu kake kolekeza m'khwapa mwa akazi awo, chipinda chimodzi chinkadya m'mawa wonse.

"Apa mufunika waya maGoliati seveni na mwendo umozi," ankatero akusasa fumbi.

Chaka chija mafakitale ankatsekedwa, mtengo wa unga n'kumakwera munthu ali pamzere, ntchito inasowa. Akazi awo, Ba Marjory, anamanga katundu.

"Mwezi uno ukasila mukalibe nchito, nitenga bana, niyenda kwatu ku Katete."

Mwamwayi tchalitchi china cha ku Matero, chamdima ngati m'mphika, chinaitanitsa makotesheni oika magetsi. Kampani ina inabwera ndi tayi, tepi ndi pepala lotayipa. Ba Goliati anabwera atavala nsapato zawo za paukwati, zija za chidendene ngati njerwa, n'kuyamba kugona kuchokera pakhomo. Amayi akwaya anayamba nyimbo ya maliro.

"Batate, mwadwala?" anafunsa msungichuma, Ba Chalwe.

"Osanisokoneza, nili pa naintini!"

Kuchoka pakhomo kufika paguwa anapeza maGoliati fote. Mtengo wawo unali theka la wa kampani ija, ntchito n'kupatsidwa. Ba Marjory anamasula mtolo umodzi wokha, wa mapoto.

Waya anakagula kusitolo ya Ba Fadili, amene anali atazolowera kale, moti ankawayalira mkeka kuseri kwa kauntala. Koma pamkeka wa Ba Fadili nsapato siponda. Ba Goliati anavula, n'kugona kafote. Tsoka lake, Goliati wopanda nsapato ndi wamfupi kuposa Goliati wansapato. Waya unatha guwa lidakali patali mapazi asanu ndi awiri, ndipo kusitolo mtengo unali utakwera kale kawiri. Thukuta linawatuluka, Katete akumuona ndi maso. Basi anapachika babu pomwe waya unathera: pamutu penipeni pa Ba Chalwe, munthu amene kwa zaka khumi ankagona mwamtendere nthawi ya ulaliki.

Lamulungu lake Ba Chalwe anakalipa. "Ba Goliati, laiti ifunika pa guwa!"

"Abusa baona kale," anayankha Ba Goliati. "Laiti ifunika kuli bamene bagona."

Mpingo wonse unati amen. Abusa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala, n'kulamula kuti babulo lisasunthe. Madzulo ake Ba Marjory anamasula mitolo yonse.

Atamwalira Ba Goliati, wokhoma bokosi anabwera ndi tepi yake. Ba Marjory anamubweza pakhomo.

"Osavutika. Ni Goliati umozi, na nsapato."

Masiku ano amagetsi amangolowa, kukoka tepi, kutchula mtengo, n'kutuluka madzi a tiyi asanawire. Palibenso wogona pasimenti yako n'kukuuza, ali chagada, kuti lata lako likudontha apo.

Zoona zake n'zakuti Ba Goliati tepi anali nayo, koma anaigulitsa kuti ana adye tsiku limene fakitale imene ankagwirako inawachotsa ntchito, ndipo sanauze munthu.