Taimutebulo Yopanda Mpata

Sekani, a Jailosi, sekani mpaka mano otsalawo agwe, koma mvulayi sikata msanga ndipo pashedi ya sikelo pano simuchoka musanamve. Mukuti ine Namakhwa, munthu wolekera Sitandade 5, za ku yunivesite ndingazidziwe bwanji? Ndinapondako ine, ndi nsapato zomwezi. Ndinakonza taimutebulo imene mpaka lero maprofesa akaikumbukira amavula magalasi n'kupukusa mitu. Ngati ndikunama, Sabata likubwerali ndisalione. Musayang'ane kumundako, yang'anani kuno.

Inali ya mwana wanga Esinati. M'malayini onse, nyumba zathu za antchito a esiteti ino, chidzalireni tiyi woyamba, panalibe mwana wa wothyola kapena wa kapitawo amene anaitanidwapo ku yunivesite, woyamba anali iyeyo, ndipo tonse tinkadziwa kuti akakhoza, dengu la tiyi silidzamukhudza pamsana moyo wake wonse. Tsiku lokalembetsa makosi amayi ake anati apite yekha, wakula. Ine ndinati ayi. Zaka makumi atatu ndili kapitawo, kugawa mizere kwa anthu mazana m'mawa uliwonse, ndiye kugawa maola a mwana mmodzi kungandikanike?

Titafika tinapeza mzere wa ana olembetsa, mutu uli pa ofesi mchira uli ku Bvumbwe, moti a kumapeto anali atalima kale kabichi n'kumagulitsa pamsewu podikira, anyamata ena anamera ndevu ali chiimire, ndipo mtsikana wina analowa mzerewo ali mbeta n'kufika pawindo atabereka mdzukulu. Mukumva? Ine ndinangokhosomola kamodzi, chikhosomolo chija cha ukapitawo chimene chinkadzutsa munthu wogona pansi pa tiyi ku divishoni ina, mzere wonse unang'ambika pakati, ife n'kudutsa.

Mu ofesimo munali mayi wa magalasi. Anagogoda pakompyuta, n'kutulutsa pepala: makosi asanu ndi imodzi, masiku ake ndi maola ake. Nditaliyang'ana, mutu unandizungulira. Mipata yokhayokha! Lolemba kuyambira teni mpaka thu koloko, mbee. Lachitatu masana onse, mbee. Inu mukudziwa mpata m'munda wa tiyi kuti ndi chiyani. Mtengo umodzi ukafa, manijala amauona ali pa njinga yamoto kutsidya, ndipo saitana mtengowo, amaitana kapitawo. Mpata umamera udzu. Mpata timapakiza tsiku lomwelo.

Ndinati, "Mayi, mipata iyi mwasiyira ndani?"

Iwo anati, "Bambo, imeneyo ndi nthawi yoti mwana aziwerenga payekha ndi kupumako."

Ndinaseka mpaka mafaelo anagwa m'mashelefu. Munthu wopanda kapitawo kumbuyo kwake n'kuwerenga? Esinati anandikoka jekete, akuti, "Ababa, tiyeni tisiye momwemo." Ndinamuyang'ana ndi diso limodzi, anaweramitsa mutu. Mwana ameneyo chibadwire sanandiyankhepo mawu awiri.

Ndiye ndinavula jekete n'kuyamba kupakiza. Ndinalowetsa masamu, ndinalowetsa kemisitiri, za ulimi, za malamulo, za nyenyezi, Chifalansa, unamwino, za injini, kosi iliyonse imene inali m'buku mwawo, ndipo zitatha ndinawauza kuti apeke zina, makosi makumi anayi ndi awiri, kompyuta n'kuyamba kufuka utsi ngati chumuni cha fakitale mpaka anaifunditsa chiguduli chonyowa. Mukumva? Loweruka sindinaligwire, ife ndife a Sabata, choncho makosi a Loweruka ndinawapinda bwinobwino n'kuwakankhira mu Lachisanu, Lachisanu n'kuphulika msoko, ine osataya mtima, ndinatenga rula n'kung'amba tsiku latsopano pakati pa Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo opanga makalendala anabwera kudzandigwadira kuti ndiwauze dzina lake. Dzuwa ndinalilembera maola akeake: likafika paphiri la Thyolo liime, lidikire Esinati atuluke m'kalasi, likalowa msanga lajomba. Pepalalo litatuluka anthu awiri analinyamula pa machira, ndipo titaliika pa sikelo, sikeloyo inapepesa. Nyerere inayesa kudutsa pakati pa naini koloko ndi teni koloko, inathyoka chiuno.

Mwana ankalowa makalasi atatu nthawi imodzi, khutu lamanzere ku kemisitiri, lamanja ku malamulo, juzi yake atakhazika pampando ku Chifalansa ikuyankha mayina, ndipo ankathamanga pakati pa nyumbazo mpaka chithunzithunzi chake chinatopa n'kukhala pansi pa mtengo, iye n'kumapitirira yekha. Kudya ndinamupatsa nthawi yokwanira: kuchokera pakhomo la kalasi iyi kufika pakhomo la kalasi iyo.

Mwasiya kuseka bwanji, a Jailosi?

Chabwino. Tsiku latsopano lija ndawonjezako. Dzuwa nalo silinandimvere. Makosi sanali makumi anayi ndi awiri, anali asanu ndi anayi, pomwe anzake anatenga asanu ndi imodzi. Mayi uja anakana katatu, ine n'kukuwa mu ofesi ya eni ake, ana a anthu akusuzumira pawindo, mpaka anati lamulo likulola ngati mwini wake asayina. Esinati anasayina. Maola amene anatsalabe ndinawadzaza ndekha ndi bolopeni, titakhala pa kapinga panja: apa kukopera manotsi, apa kwaya, apa kuchapa, apa kundiimbira foni kundiuza zimene waphunzira. Ndinabwera kuno ndikuyenda ngati ndagula esiteti, ndipo pashedi pomwe pano ndinakuonetsani kope la taimutebuloyo. Inu munati, "Koma mwanayu azipuma liti?" Ndinakutchulani dzina limene sindingalibwereze.

Patatha sabata ziwiri Esinati anaimba foni masana, ine ndili pakati pa munda. Anati, "Ababa, akuti amene akufuna kusiyako kosi asiye pofika Lachisanu. Makalasi awiri akugundana, ndikalowa uku ndajomba uko. Ndisiyeko makosi awiri okha." Othyola anali pafupi, makutu ali tcheru. Ndinakweza mawu kuti amve onse, ndinati kwa Namakhwa sitisiya mzere pakati. Anangoti, "Chabwino, ababa." Sanapemphenso.

Chaka chitatha inabwera kalata. Analephera makosi anayi, ndipo atatu mwa iwo anali aja anzake onse anakhoza, aja akanakhoza ali mtulo akanakhala ndi nthawi yotsegula buku. Anamuchotsa sukulu. Anatsika minibasi pamphambano, osadzera msewu wa m'malayini, anadula m'munda ndi sutukesi pamutu, madzi a pa masamba atamunyowetsa mpaka m'chiuno, kuti azimayi amene anamuimbira nyimbo popita asamuone pobwera.

Chimene chimandidya n'chakuti ine ndinkadziwa. Ine amene! Tiyi amene tikumuonayu, zikakwana zaka zake timamudulira n'kumusiya miyezi osamugwira ngakhale tsamba limodzi, ndipo wothyola akalowamo msanga ndinkamuthamangitsa ndine, ndikukuwa kuti mtengo wosapuma subereka. Mtengo ndinkaupatsa mpumulo. Manyazi ndili nawo, anzanga, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndimaiyambira ku Bvumbwe, kuti mvula ikate ndisanafike kumapeto kuno. Lero yandichedwera.

Onani, yakata tsopano, ndipo othyola akutsika kudzayeza masamba. Wachitatu pamzerepo, wavala pepala la pulasitiki la buluu, dengu pamsana, ndi Esinati wanga. Kapitawo watsopano akuti m'divishoni muno palibe wa manja othamanga ngati iye, ndipo amandiuza ngati akundisangalatsa. Tasunthani, a Jailosi, ndikhale kuseri kwa mzatiwu. Akandiona abwera, apinda bondo, afunsa, "Ababa, mwadya?" Akanandinyoza tsiku limodzi lokha bwenzi ndikugona bwino, koma iye ayi, afunsa ngati ndadya.

Musandiyang'ane choncho. Nenani kuti ndanama za mzere, za kompyuta, za nyerere, ndivomera. Koma taimutebulo ija, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, inalibe mpata ngakhale umodzi.