Tsiku limene ndinasambitsa mwala wakumwamba

Mukamva kuti ukhondo ungamuchotsetse munthu ntchito, musatsutse. Ine zinatsala pang'ono kundionekera.

Ndimasamalira bambo wina wokalamba, mzungu, ku Springfield. Anandilemba ntchitoyo ndi mwana wawo wamkazi, mayi wa maso akuthwa. Madalawo ali ndi kabati yagalasi yodzaza miyala imene inagwa kuchokera kumwamba, zibenthu za matanthwe oyendayenda m'mlengalenga. Anzawo amasunga mbale zokongola, iwo miyala. Koma kuda kwake! Ngati mafuwa. Ine amene ndinaleredwa kuti mphika sugona wosakwecha, mtima unkandiwawa ndikaiona.

Lachisanu lina ali kuchipatala ndi mwana wawo, ndinatulutsa waukulu kwambiri, wolemera ngati nsimbi yamakala. Ndinauviika m'madzi a sopo n'kuukwecha ndi waya wotsukira mapoto mpaka thukuta kamukamu. (Ndinkaimbanso nyimbo yakwaya, ndisaname.) Zakuda zija zitachoka, ndinaubwezera m'kabati usanaume bwino, ndikudziyamikira ndekha.

Lolemba ndinaupeza uli psuu, dzimbiri lokhalokha. Kani mwalawo ndi chitsulo! Ndinathawira kubafa n'kuimbira foni Mwansa, mnzanga wa ku Zambia amene timapemphera limodzi.

"Iwe, wasambika meteorite? Are you serious?" anakuwa. "Chikumba chakuda chija ndiye chamene bagulila! Upake mafuta, unkale chabe zii."

Ndinaudzoza mafuta anga a m'chikwama ngati mwana wopita kutchalitchi. Masana madala atautenga, unawapulumuka m'manja. Anaununkhiza, kenako anandiyang'ana.

"Mwala wanga ukununkhira ngati iwe," anatero. "Kuda kuja kunali kupsa kwake pamene unkagwa. Moto wakumwamba unaupirira, koma kwa iwe wagonja."

Ndisanayankhe, mwana wawo anatulukira. Ataona mwalawo anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinadziwa kuti ntchito yatha basi.

"Ndine," anatero madala. "Ndimafuna uwale."

Mtima unakhala pansi, koma kwa kanthawi kochepa. Mayi uja anakhala pampando misozi ili lengelenge. Bambo amene sankalola munthu kugwira miyalayo ndi manja onyowa, lero autsuka okha? Ndiye kuti mutu wayamba kusokonekera. Pomwepo anayamba kufufuza pafoni nyumba yosungira okalamba oiwalaiwala. Bodza londipulumutsa ine linali pafupi kusamutsa nkhalamba m'nyumba mwake, ndipo manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze.

Ndinangopezeka ndagwada. (Maondo anachita okha, ngakhale kuno zogwadazi zimangodabwitsa anthu.)

"Ndinatsuka ndine, mayi. Bambo ali bwinobwino."

Mayi uja anaika foni pansi, n'kukumbatira bambo ake. Ntchito ndikadali nayo, koma kabati anaikhoma ndipo kiyi amayenda nayo iyeyo. Ndaphunzirapo kufunsa ndisanakweche chinthu cha eni, ngakhale manja amandiyabwabe.

Madala anakhala masiku atatu osandiyankhula. Ndinkaganiza kuti akulira mwala wawo, ndiye tsiku lachinayi ndikuwapatsa tiyi ndinapepesanso.

"Za mwala zisiye," anatero. "Chibadwire chake mwana uja sindinamunamizepo. Tsiku loyamba kuyesa, bodza langa lokongolalo iwe walitsukanso."