A Consolata ndi Ana Awo Apulasitiki

Ku Zemba kuno aliyense ankadziwa kuti a Consolata sankalipira msonkho pa chinthu cha mwana. Wa mchere ankalipira, wa zitenje ankalipira uku akung'ung'udza, koma wa chidole, ayi ndithu. Ankati boma lolipiritsa mwana kuti asewere, mawa lidzamulipiritsa bere la amake.

Mayiwa ankapikula zidole ku Mozambiki panjinga. Akayandikira chipata cha malire, ankazibereka zonse kumbuyo m'chitenje, timitu tili mbuu ndi fumbi. Pachipatapo panali bwana wina wamsonkho, dzina lake Trywell, munthu wosaseka.

"Amayi, n'chiyani kumbuyoko?"

"Ana."

"Ana apulasitiki?"

"Tsitsani mawu, agona."

Trywell anagwira chimodzi pamimba. Chinali cha mtundu uja wolira ukachidina, ndipo chinaliradi.

"Mwaona! Mwamudzutsa! Mutonthozeni nokha tsopano!"

Anamupatsira m'manja. Amayi onse pamzere anayamba kumulangiza kanyamulidwe, wina mpaka kumubwereka chitenje. Bwana uja anangoti, "Pitani, pitani," thukuta lili kamukamu.

Abusa athu atawafunsa ngati kumeneku si kunama, iwo anati, "Abusa, kafunseni Misozi wa kwa a Wadson ngati chidole chake si mwana. Akulumani."

Koma nkhondo yeniyeni inali ya Chipiliro, kamtsikana ka neba wawo, komwe anzake onse anali akuthamanga iko kakukwawabe. Kuchipatala anati miyendo ingalimbe katapeza chogwirira poyenda. A Consolata anakapeza kangolo kamateyala kophunzirira kuyenda, n'kukabereka kumbuyo monga mwa masiku onse, mateyala ali m'mwamba.

"Uyunso ndi mwana?" anafunsa Trywell.

"Ndi miyendo ya mwana."

Ulendo uno bwana anauma mutu, n'kukatsekera kangoloko m'ofesi. Ine zimandipsetsabe mtima. Lamulo lanji losasiyanitsa miyendo ya mwana ndi katoni ya mowa?

M'mawa mwake a Consolata anabwerera ndi Chipiliro weniweniyo, pambuyo pawo amayi a Chigwirizano atavala yunifolomu. Anamukhazika mwanayo patebulo la bwana.

"Muuzeni nokha kuti ayenda mukalandira msonkho. Chichewa amamva."

Kunja amayi anayamba nyimbo, ndipo aliyense wodziwa amayi athu akudziwa kuti nyimbo siziwathera. Chipiliro anangomuyang'ana Trywell, chala chili m'kamwa. Dzuwa lisanafike pamutu, bwana anatulutsa kangoloko yekha, n'kukamangiriranso panjinga.

A Consolata anatisiya chaka chatha nthawi yokumba mtedza, opanda mwana wobereka okha. Msonkho uja udakalipo. Ana abwerera ku zidole zadothi, ndipo njinga ikalira belu kumsewu palibenso amene amathamangira.

Tsiku la maliro, Chipiliro, yemwe tsopano ali pasukulu, anatsatira bokosi akutsimphina kuchokera kunyumba mpaka pamphepete pa manda. Kwathu kuno ana salowa kumanda, choncho mkulu wina anamutsekera njira ndi mkono.

"Bwerera, mwana iwe."

Iye sanasunthe.

"Miyendo iyi anandibweretsera ndi iwowa," anatero. "Ndikawaperekeza."

Mkulu uja anayang'ana anzake, ndipo anatsitsa mkono.