Dausi ndi Mapanga Ake a Kanema

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo mutchere khutu chifukwa sindibwereza.

Pa Luchenza panali bambo wina woonetsa mafilimu, dzina lake Dausi Namakhwa. Anali wamantha, woti tsamba likagwa kumbuyo kwake amalumpha. Sikirini imene ankaonetsera inali ya alamu ake, a Mpwatiwa, opha ng'ombe pamsika. Tsiku lomubwereka, a Mpwatiwa ankanola mpeni.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "ikangokalika pang'ono, chikopa chanu ndichiyanika pamodzi ndi zang'ombezi."

Chaka chimenecho kunabwera zimbale zatsopano za zithunzi zowala, zoonetsa ngakhale thukuta la munthu. Koma zinali mitundu iwiri yolimbirana msika, zam'kabokosi kofiira ndi zam'kabokosi kabuluu, ndipo mtundu uliwonse unali ndi makina akeake.

Dausi anapita ku Limbe. Wogulitsa zofiira anati, "Zabuluu sizifika Khirisimasi." Wa zabuluu anati, "Zofiira? Takumba kale manda."

Dausi anapisa m'thumba. Anagula makina onse awiri. Wa zabuluu, poona makina a mdani wake m'chikwama, anamunong'oneza: "Awa sagona denga limodzi, achimwene. Amaphulitsana."

Choncho Dausi anamanga zisakasa ziwiri, china kumsika cha zofiira, china kudepoti cha zabuluu. Anazitchinga ndi masaka mpaka mdima bii, anthu n'kumazitchula kuti mapanga.

Mkazi wake Esinta anati, "Bambo a Mwayi, sikirini ndi imodzi. Sankhani phanga limodzi."

"Nanga ndikasankha lakufa?"

Basi, tsiku lililonse Dausi ankasenza sikiriniyo pamutu, kumsika, kudepoti, kumsika, akuyenda ngati wanyamula mazira. Akamadutsa pabutchala, mpeni unkalira panolo.

Loweruka lina masana mapanga onse anadzaza. Kumsika filimu ili pakati, Dausi anamva akudepoti akumenya malata. Anazimitsa, n'kusenza sikirini. Atafika pakati pa njira, phiri la Mulanje linali litasowa m'mitambo yakuda. Mphepo yozizira inamuwomba m'khosi.

"Bwererani, a Dausi! Wakuba wa mufilimu uja sanagwidwe!" anakuwa akumsika.

Anatembenuka.

"Mukabwerera tikuotcherani makinawa!" anakuwa akudepoti.

Anatembenukanso. Mphezi inang'anima, dontho loyamba n'kugwa pa sikirini, tho! Anathamangira kumsika, koma anaona a Mpwatiwa ataima pakhomo la butchala, mpeni m'manja, akuyang'ana kumwamba. Anabwerera pomwepo. Analunjika kudepoti, n'kupeza anthu atseka chitseko pothawa mphepo, ndipo phokoso la mvula pamalata linameza kugogoda kwake. Anabwereranso mumsewu. Anavula malaya n'kufunditsa sikirini, koma madzi anali akutuluka kale kumbuyo kwake ngati mpopi.

Mvula itakata, a Mpwatiwa anafika pang'onopang'ono. Anapendeketsa sikirini, madzi n'kukhuthuka pamapazi a Dausi. Dausi anatsinzina, akudikira mpeni.

"Chikopa chonyowa sindichifuna," anatero a Mpwatiwa. "Koma mutuwu ndauona, umasenza bwino. Kuyambira mawa muzindisenzera matumbo a ng'ombe kukatsuka kumtsinje."

Ndipo anasenzadi, ntchentche zikumuperekeza, mpaka imvi zinamera.

Koma tsiku la mvulalo, Esinta anabwera ndi chitenje chouma, n'kumuponyera mwamuna wake amene ankanjenjemera mano gwegwegwe. Anayang'ana kumsika, anayang'ana kudepoti, n'kupukusa mutu.

"Ndinanena ine, bambo a Mwayi. Mapanga awiri avumbwitsa."